Matchoki a Alamu Anu

Lachinayi, pa 9 Novembala

Okondedwa achimwene,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ndayamba ndi moni chifukwa amayi anatilera choncho, koma moniwo usakunamizeni, mtima wanga suli m'malo. Ndasankha kulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni simundilola kumaliza mawu. Ndikangoti "achimwene, nkhani yake ndi yakuti," inu mwayamba kale kuyankha funso limene sindinafunse, kenako mumati foni ikuduladula. Pepalali simungalidule mawu. Mukhoza kuling'amba, koma muyambe mwaliwerenga.

Lolemba lija munandiimbira n'kundiuza kuti ndatsala pang'ono kuwotcha shopu yosokera ya malemu bambo chifukwa cha kusasamala. Munati mwamva zonse kwa alamu anu, achimwene a akazi anu, amene munawasiyira kiyi kuti azitiyang'anira ngati ine ndi amayi ndife ana a sukulu ya mkaka. Mwina simudziwa, mumsewu muno anthu amawatcha a Ndikudziwa, chifukwa palibe chimene ungawauze iwo osayamba ndi mawu amenewo. Mbali yawo mwaimva. Tsopano imvani yanga, kuyambira pachiyambi.

Mukukumbukira nyali za machubu zija bambo anamangirira kudenga, ina pamwamba pa makina, ina kumbuyo pamwamba pa tebulo lodulirapo nsalu. Chaka chino zinayamba kuphethira ndi kulira ngati muli njuchi. Amayi ankati akaweramira nsalu pang'ono, maso ayamba kutuluka misozi, mutu waphwanya. Munthu amene ankalowetsa ulusi pa singano akucheza, osayang'anako n'komwe, anayamba kundiitana kuti ndiwalowetsere. Ndinasintha machubu, sizinathandize. Ndinasintha masitata, tija timapotokola pambali pa nyali, sizinathandizenso. Ndiye ndinaitana wamagetsi wa kuseri kwa msika. Anakwera, n'kutsegula chivindikiro cha nyali, n'kundionetsa kabokosi kachitsulo kolemera kamene kamakhala mkatimo. Anati dzina lake ndi tchoki, ena amati balasiti, ndipo ntchito yake ndi kuyeza magetsi opita ku chubu kuti asachuluke. Athuwo anali atatopa, ena atatupa m'mbali. Anati ndigule atsopano, iye adzaika.

Sindinafune kugula chinthu chimene sindikuchidziwa. Ndinaika tchoki imodzi m'chikwama changa, kulemera kwake ngati mwala, n'kupita ku sitolo ya zamagetsi. Mayi wogulitsa kumeneko anandifunsa kuti machubu athu ndi a mawati angati, ndipo pa nyali imodzi pali angati. Ndinabwerera ku shopu, n'kukwera pa tebulo, n'kupukuta fumbi kumapeto kwa chubu mpaka zilembo zitaoneka: mawati 36, machubu awiri pa nyali iliyonse. Nditabwerera ku sitolo, mayi uja anandiyalira mitundu iwiri pa kauntala. Wina ndi wakale uja wolemera, wofuna sitata, chubu chilichonse tchoki yake, ndipo ukakalamba umalira ndi kutentha. Wina ndi wamakono, wopepuka, wautali ngati rula, sufuna sitata, umodzi umayatsa machubu awiri, suphethira ndipo sulira. Anandionetsa pamene pamalembedwa nambala, n'kunena kuti, "Achemwali, mtundu musankha nokha, koma nambala musasewere nayo. Tchoki ndi chubu zili ngati nsapato ndi phazi. Zikasiyana, china chivulala."

Ndinasankha amakonowo chifukwa cha maso a amayi. Ndinamupempha kuti andisungire mpaka m'mawa mwake. Ndinabwerera ndili wosangalala, achimwene, ngati mwana amene wakhoza mayeso. Chimene ndinalakwa n'chimodzi chokha, ndinakuuzani.

Mawu anu ndikuwakumbukira bwinobwino. Munati, "Usagule chilichonse. Za magetsi si za masiketi. Dikira alamu abwere aone." Ine amene ndatsegula ndi kutseka shopu imeneyi tsiku ndi tsiku chimwalirire bambo. Ine amene ndimamasula makina akafa, n'kuwadzoza mafuta, n'kuwabwezera osatsala sikuluwu ndi imodzi yomwe. Inu munachoka kuno nyalizo zikadali zoyera mbee, simunazimvepo zikulira. Koma zimene ndinaona ndi maso anga munaziyesa zachabe, n'kudikira maso a munthu amene ngakhale babu la kubafa kwake amamuikira ndi mkazi wake.

A Ndikudziwa anabwera ndi katoni pa njinga yamoto. Analowa akuimba mluzu, n'kuiponya pa tebulo lodulirapo nsalu, pamwamba pa nsalu ya mwini wake. M'katimo munali matchoki akale amene mnzawo anachotsa m'nyumba ina yosungiramo katundu imene ankaigwetsa. Adzimbiri, akangaude atamangamo, mawaya oduka ali lendelende.

"Zenizeni ndi izi," anatero akunyamula imodzi m'manja. "Tamvani kulemera. Zanu za masiku anozi ndi zidole za ana."

Ndinatembenuza imodzi n'kupukuta ndi chala. Panalembedwa 58. Ndinati, "Alamu, awa ndi a machubu ataliatali aja a m'mafakitale. Athu ndi a 36."

"Ndikudziwa," anatero. "Ndiye kuti ali ndi mphamvu yotsala. Kodi lole ingakanike kunyamula thumba limodzi la simenti?"

Ndinawaonetsa ina imene inali ndi mng'alu m'mbali, zakuda zitauma pamng'alupo. Anakanda ndi chikhadabo n'kunena kuti ndi penti. Nditakana kuti zimenezo sizikwera kudenga kwathu, anatulutsa foni n'kukuimbirani, n'kutsegula mawu kuti aliyense amve. M'shopu munali amayi, wamagetsi uja, ndi kasitomala amene ankadikira thalauzi lake. Munati, "Iwe, makani ako omwewo ndi amene anakuthetsera banja. Asiye amuna agwire ntchito." Kodi mukukumbukira? Kasitomala uja anayang'ana pansi. Za banja langa mukuzidziwa bwino chimene chinalithetsa, inu nomwe munabwera kudzanditenga ndili ndi diso lotupa. Tsiku limenelo munaona kuti n'zoyenera kuzisandutsa chida chopambanira mkangano wa nyali.

Wamagetsi uja nayenso ndili naye mawu. Ndinamuyang'ana kuti anene zoona. Anakanda m'mutu, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana foni, n'kunena kuti, "Kugwirizana kwenikweni sizikugwirizana, koma kuyaka ziyaka." Anaona kumene kuli mawu aakulu n'kutsamira komweko. Amayi anandikoka chovala n'kunong'ona kuti, "Mwanangu, mvera achimwene ako, tisakangane pamaso pa anthu." Ndinagonja chifukwa cha iwo. Ndinakhala pa makina anga n'kumaponda mwamphamvu kuti ndisamve akukhoma.

Kuyaka zinayakadi. Zinawala mopweteka maso, a Ndikudziwa ataima pakati pa shopu manja ali m'chiuno. "Mwaona? Ngakhale nsabwe ya m'msoko muiona." Anajambula chithunzi n'kukutumizirani. Koma sipanapite nthawi, kumapeto kwa machubu kunayamba kuda, kulira kuja kunabwerera mokweza kuposa kale, ndipo masana kukatentha m'shopu munkamveka fungo ngati la msewu umene akuthira phula. Ndinakulemberani uthenga. Munandiyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu, basi. Ndinawauza a Ndikudziwa, anati ndi fungo la zinthu zatsopano. Ndinati, "Zatsopano ziti, alamu, zochokera m'mabwinja zija?" Anaseka n'kukwera njinga yawo. Nyali ya pamwamba pa makina ndinasiya kuiyatsa, poti kutsogoloko kuli windo. Koma kumbuyo kumene kuli tebulo mukudziwa kuti kulibe windo, popanda nyali sungasiyanitse ulusi wakuda ndi wabuluu. Ndinali nditatsimikiza mumtima kuti ntchito imene inali patebulo ikangotha ndichotsa matchokiwo, kaya mukalipe kaya mutani. Nyaliyo sinadikire kuti ntchitoyo ithe.

Patebulopo panali diresi laukwati. Mkwatibwi wake ndi mtsikana wogwira ntchito ku famase ya pakona, amayi anamusokera yunifolomu yake yoyamba ya sukulu, ndipo anakana kupita kwa telala wina aliyense. Amayi anali atakhala milungu yambiri akusokerera timikanda pachifuwa pa diresilo ndi manja, kamodzikamodzi, maluwa ake ongochokera m'mutu mwawo. Linali litatsala pang'ono kutha.

Linali Lachisanu masana. Ine ndinali kutsogolo, ndikuyeza bambo wina m'mapewa, tepi ili m'khosi. Ndinangomva phu! kumbuyo, kenako amayi akukuwa kuti, "Diresi! Diresi!" Nditacheuka ndinaona utsi wakuda ukutuluka m'nyali, ndipo phula lotentha likudontha kuchokera m'chivindikiro, tho tho tho, kugwera patebulo. Wina aliyense akanathawa. Amayi anu anadziponya patebulo kuti akoke diresi la mwana wa eni. Phula linawagwera kuseri kwa dzanja lamanja. Anadzidzimuka n'kubwerera m'mbuyo, mwendo unakola mpando, n'kugwa pa simenti atatsamira dzanja lomwelo. Fupa ndinalimva likuthyoka, achimwene, ndili kutsogolo kwa shopu. Mpaka lero ndikamadula nsalu yolimba ndi sizasi ndimalimvabe.

Ndinathamangira pa swichi yaikulu n'kuzimitsa magetsi onse. Wometa wa khomo loyandikana nafe anabwera ndi botolo lozimitsira moto n'kupopera nyaliyo. Bambo amene ndinkamuyeza uja ndi amene anawanyamula amayi n'kuwaika m'galimoto yake, mapini akadali pa malaya ake. Shopu sinapse. Chimene chinapsa ndi nyali imodzi, chigamba cha denga, diresi, ndi dzanja la amayi anu.

M'galimotomo sanalire chifukwa cha ululu. Ankangobwereza kuti, "Mwana uja timuuza chiyani? Mwana uja timuuza chiyani?"

Kuchipatala anapeza kuti fupa lathyoka pawiri pamfundo ya dzanja. Anawachita opaleshoni n'kuikamo chitsulo. Bala la moto nalonso ndi lakuya, amalitsuka tsiku lililonse, ndipo akamalitsuka amayi amaluma nsalu kuti odwala anzawo asamve. A Ndikudziwa anabwera m'mawa mwake ndi nthochi m'jumbo. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kunena kuti, "Ine ndinkadziwa kuti mawaya a nyumba ija ndi akale." Atatuluka m'chipindamo ndi pamene anakuimbirani n'kukuuzani kuti ndinasiya simbi ili yoyaka patebulo. Simbi, achimwene! Simbi inali pa shelefu, yozizira, chingwe chake chitakulungidwa. Kodi simbi imadontha phula kuchokera kudenga? Kodi imakwera yokha kukadetsa siling'i? Munamva zimenezo, simunafunse wometa, simunafunse amayi, simunandifunse ine. Munangoimba n'kuyamba kukalipa. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma kwathu kuno zatembenuka, amene sanafunse ali bwinobwino, phulalo lagwera amayi.

Mkwatibwi anabwera Loweruka kudzayesa diresi lake, asakudziwa kanthu. Ndinaliyala patebulo kuti aone yekha, madontho akuda atabowola pachifuwa pomwe panali maluwa a timikanda. Sanakalipe. Anangokhala pansi pa simenti, n'kufumbata m'mphepete mwa diresilo, n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. Azakhali ake amene anamuperekeza ndi amene anakalipa mokwanira anthu awiri, ataima pakhomo kuti msewu wonse umve kuti kuno timawotcha zovala za anthu. Ndinaimirira pamenepo n'kulandira zonse. Sindinatchule dzina lanu kapena la alamu anu, chifukwa kasitomala alibe nazo ntchito nkhani za m'banja mwathu. Ndinadula chifuwa chonse cha diresilo n'kusoka china, tebulo nditalikokera pawindo. Timikanda ndinasokerera, koma maluwa anga sangafanane ndi a amayi, aliyense wodziwa kusoka akhoza kuona. Mtsikanayo analivala pa ukwati wake. Atabwera kudzalitenga anathokoza akuyang'ana kumbali, n'kufunsa za dzanja la amayi. Azakhali ake mpaka lero akadutsa pano amawoloka msewu.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndachita, osati kuti mundilole, koma kuti mudziwe. Ndinabwerera ku sitolo ija. Mayi uja anali atandisungirabe matchoki anga pansi pa kauntala, anati ankadziwa kuti ndibwera. Anandilozera wamagetsi wina. Ameneyo atakwera makwerero, ine ndinaima pansi n'kumawerenga mokweza zolembedwa pa tchoki iliyonse ndisanamupatsire, nambala ya mawati ndi kuchuluka kwa machubu. Nyali yopsa ija tinaichotseratu n'kuika ina yatsopano. Anayeza mawaya onse a m'nyumba, ali bwino, muwauze alamu anu. Titayatsa, ndinaima n'kumvetsera. Zii. Ndinali nditaiwala kuti m'shopu muno mungakhale chete choncho, mpaka kumva wotchi ya bambo ikugunda pakhoma. Ndinakhala pampando wa amayi n'kulira, chifukwa zinthu zimenezi zinali pansi pa kauntala nthawi yonseyi, zikungodikira.

Katoni ija ndinaikweza pa njinga yonyamula katundu n'kukaisiya pageti pa a Ndikudziwa, pamodzi ndi tchoki yophulika ija pamwamba, kuti akaione bwino penti yawo. Kenako ndinasintha loko wa shopu. Dzana m'mawa anabwera ndisanatsegule, ndinawapeza akulimbana ndi chitseko, kiyi akukana kutembenuka.

"Kodi loko ameneyu watani?"

"Ndasintha."

"Wauza ndani?"

"Ndikuuza inu pano."

"Ndiwaimbira achimwene ako."

"Aimbireni. Koma muyambire pa nambala 58, simbi muisiye."

Kwa nthawi yoyamba chiwadziwire, sanati ndikudziwa. Wometa anali pakhomo pake akutsuka zipeso, anaseka mpaka kutsokomola. Ndikudziwa kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ndi achimwene a akazi anu, mumadya nawo mbale imodzi mukabwera. Sindikupempha kuti mudane nawo. Koma m'shopu muno asadzapondemonso ngati woyang'anira. Akafuna kusoketsa thalauzi, abwere akhale pabenchi ngati wina aliyense.

Ndipo inu, achimwene, ngati mukufuna kulamula za nyali za m'shopu muno, bwerani mudzakhale pansi pake. Mudzapume fungo lake, mudzamve mutu ukuphwanya, mudzaime pakhomo pamene azakhali a mwini diresi akutukwana. Apo ayi, mukamva kuti ndasankha chinthu, muzifunsa kuti ndasankha chifukwa chiyani, ndipo muzidikira yankho. Sindinaiwale zimene mwatichitira. Munasiya sukulu kuti ine ndipitirize, ndipo bambo akudwala simunatitaye. N'chifukwa chake mawu anu amandipweteka kuposa a munthu wina aliyense. Koma zabwino zimenezo sizikupatsani maso oona kudenga kwathu muli kutali.

Pali chinthu china chimene sindinauze aliyense, ndipo musachitchule pafoni. Dokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti fupa lilumikizana, koma mtsempha wopita ku chala chachikulu ndi cholozera unawonongeka kwambiri. Anati supuni adzagwira, kapu adzagwira, koma za singano ndisayembekezere. Amayi sakudziwa. Anatuluka m'chipatala, ndipo m'mawa uliwonse amaumirira kuti ndiwatenge ku shopu. Amakhala pampando wawo dzanja lili pa pilo, n'kumayang'ana kudenga n'kunena kuti, "Koma nyali izi ndiye zabwino, maso sakuwawa. Akangondimasula bandeji, ntchito iyenda." Ine ndimangoti inde, n'kuweramira makina. Sindikudziwa kuti ndidzawauza bwanji, kapena liti. Chimenechi sindingachisenze ndekha, ndipo a Ndikudziwa sangachidziwe. Ndikufuna mchimwene wanga.

Muwaimbire. Chivulalire mwalankhula nawo kamodzi kokha, ndipo theka la nthawiyo munkafunsa za denga. Foni ikalira amadzidzimuka n'kundiuza kuti ndione ngati ndi inu. Ndikati ayi, amakuikirani kumbuyo, amati ntchito yakuchulukirani. Mukaimba musanene za shopu, musanene za ine. Muwafunse mmene agonera, muwalole alankhule mpaka amalize.

Mupereke moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndilibe nawo chifukwa, munthu sasankha mchimwene. Inenso sindinasankhe. Moni kwa ana onse. Wometa akuti moni, akuti mukadzabwera mudzamete kwa iye, ali ndi nkhani yoti adzakuuzeni lumo lili pakhosi.

Amayi ali pambali panga pano. Akuganiza kuti ndikulemba moni chabe, ndipo akudabwa kuti moni wake ndi wautali bwanji. Akuti ndikuuzeni kuti ali bwino, musade nkhawa, n'kabala kakang'ono. Akuti muuze mwana wanu wamkazi kuti diresi la tsiku lake lobadwa lichedwa pang'ono, koma nsalu anagula kale, yachikasu, ndipo adzasoka okha, asalole kuti ine azakhali ake ndimusokere chifukwa ndimafulumira pa mipendero. Akuti mumuyeze msinkhu ndi m'chiuno mutumize, ana amakula msanga.

Aumirira kuti alembeko okha. Ndawagwirira pepala. Mzere wokhotakhota umene muuone m'munsimu ndi dzina lanu, alemba ndi dzanja lamanzere, ndipo akuti muwakhululukire, silinazolowere.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.